Moto Umene Unkawabweza Kunyumba

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi achimwene ndi alamu. Ine ndinafika bwino, ngakhale chikwama changa chinatsalira pa bwalo la ndege n'kudzandipeza mawa lake. Ntchito ndinayamba dzulo. Anzanga a ku laibulale anandiikira maluwa patebulo, kenako onse n'kumayenda monyang'ama ngati wodwala ndine. Ndinapempha ntchito yobwezera mabuku m'mashelefu, chifukwa imeneyo amagwira ndi manja okha, mutu uli kwina.

Ndikudziwa kuti simukonda mawu ambiri pa nkhani ya amayi, ndiye sindichulutsa. Kungoti Loweruka ndinadzuka n'kuyamba kuwalembera kalata monga mwa nthawi zonse. Ndinadzazindikira ndili kale pa mzere wachitatu.

Chimene ndalembera ndi ichi. Masabata atatu amene ndinali kumeneko pa maliro, ndinkakuonani mukusisita pachifuwa mukatha kudya, ndiponso mukawerama pa makina osokera. Chilungulira chanuchi ndachidziwa kuyambira ndili mwana. Ndimakumbukira mutakhala pakhonde, nkhope itakwinyika, mukupempha botolo la mankhwala oyera aja, amayi n'kungoti, "Lero ayi." Botololo ankalibisa. Masiku ena ankakupatsani okha musanapemphe n'komwe, masiku ena "lero ayi" yemweyo. Sindinamvetsepo, ndipo kunena zoona zinkandiwawa. Anali munthu wabwino, koma pa chimenechi anali ouma mtima. Mulungu andikhululukire polemba zotere dothi la pamanda lisanaume.

Kuno kuli mapiritsi amene munthu amangogula popanda kalata ya dokotala. Sali ngati oyera aja ongoziziritsa kwa kanthawi, awa amachepetsa asidi amene mimba imatulutsa. Ndakutumizirani 90. Makatoni ndi timapepala take ndataya kuti phukusi lipepuke, komanso zinalembedwa m'chinenero cha kuno, simukanawerenga. Muzimwa limodzi moto ukayamba, osapitirira awiri patsiku. Akukwanirani miyezi itatu.

Tsopano simudzapemphanso munthu aliyense.

Mundiuze za ku shopu. Mundiuzenso ngati mukudya.

Ine mwana wanu,
Kabuku

24 Malichi

Kabuku mwana wanga,

Moni. Ife kuno tilipo. Phukusi lako ndinalandira masiku khumi ndi awiri apitawo. Wa ku positi analigwedeza n'kufunsa ngati muli maswiti. Ndinati inde, a nkhalamba.

Mapiritsi akowa si masewera. Zaka makumi atatu ndakhala ndi mbaula pachifuwa, lero wina wathirapo madzi. Ndikudya chilichonse, za tsabola zomwe. Ndikugona ndi pilo mmodzi ngati munthu. Ndinkakuseka uli wamng'ono kuti mabuku ako adzakutha maso pachabe, koma taona, andipindulira ine.

Ntchito ilipo. Ndili ndi mayunifolomu khumi ndi awiri a alonda a pa fakitale, ndi suti ya mphunzitsi wina amene akukwatira mu Meyi. Kudula ndi kusoka ndikutha bwinobwino. Pavuta ndi pa mabowo a mabatani. Ukudziwa kuti imeneyo inali ntchito ya mayi ako. Ine ndikamaliza jekete ndinkangoiponya pampando wake, iye n'kusoka mabowo pamanja, mabatani n'kusankha yekha. Zaka zonsezi sindinasokepo bowo ngakhale limodzi. Panopa majekete anayi ali lende pa misomali opanda mabatani, ngati nkhalamba zopanda mano. Chitini chake cha mabatani chili pomwe anachisiya, pansi pa tebulo lositira. Sindinachitsegule. Ndidzapeza wina wondisokera, koma osati mwezi uno.

Tsiku lonse limayenda ndithu. Nthawi yovuta ndi 5 koloko. Ndi nthawi imene ankalowa ndi tsache kudzasesa ulusi, n'kunena kuti, "Atelala, singano yatopa." Tsopano ikakwana ndimatseka ndekha n'kupita kuseri kwa msika kukakhala ndi Chidendene, wosoka nsapato uja, ndi anzathu ena. Timangocheza za mpira ndi za anthu amene anamwalira kale. Usade nkhawa, sindili ndekha. Chidendene akupereka moni. Akuti mwana wophunzira ndi ameneyu, osati ake amene amangomutumizira makalendala.

Ukapeza mpata utumize ena. Akutha msanga kuposa mmene unawerengera.

Za mayi ako ndi botolo lija, zisiye. Anali ndi zifukwa zake.

Ndine,
Bambo ako

30 Malichi

Alamu,

Moni wochuluka. Muli bwanji kumeneko? Ine kulemba makalata si ntchito yanga, zala zanga zinazolowera kuluka tsitsi la anthu, ndiye mukaona zilembo zikuvina musaseke. Achimwene anu ali bwino, ali pa msewu monga mwa masiku onse. Lole imene amayendetsa ija ndiye mkazi wamkulu, ine ndine wachiwiri.

Ndalemba chifukwa cha apongozi. Mukudziwa kuti saluni yanga inayang'anizana ndi shopu yawo, ndiye ngakhale ndisafune, maso amaona.

Kale amayi ali moyo, kwa Chidendene ankapita Loweruka lokha. Mabotolo awiri a mowa, moto n'kuyamba pachifuwa, iwo n'kubwerera dzuwa lisanalowe atagwira apa. Msewu wonse unkadziwa, mpaka makasitomala anga ankati, "Awo atelala, wotchi yawo yalira." Tsopano ndi tsiku lililonse. Ikati 5 koloko amatulutsa kapiritsi kanu kaja, kumeza ndi madzi a m'botolo lowazira zovala, kutseka shopu, ulendo.

Lachisanu ndinalimba mtima. Ndinati, "Apongozi, chilungulira chayamba kale kodi?"

Iwo akuti, "Ayi mwana wanga, ndikuika nsalu yam'kati. Unaonapo jekete yabwino yopanda nsalu yam'kati?"

Ndiye kuganiza kwawo ndi kumeneko. Akuti piritsilo limayala nsalu m'mimba, mowa umangotsetsereka osakhudza mnofu. Chidendene naye anagawiridwa, ndi madala ena awiri. Kuseri kwa msika kumeneko dzina lanu ndinu "adokotala akunja". Mabotolo tsopano afika asanu, ndipo ndamva kuti ayambanso timowa tija taukali ta m'mabotolo ang'onoang'ono. Komanso mowa ukuwagwira msanga, si mmene ndinkawadziwira. Lachiwiri anabwera ndi nsapato imodzi, Chidendene atawagwira mkono. Ndinati, "Inu a Chidendene, manyazi mulibe? Wosoka nsapato kuperekeza munthu wopanda nsapato?" Anangoseka, akuti abwere nayo mawa awachotsera mtengo.

Ndinawauza achimwene anu. Akuti ndisakuuzeni, munthu waferedwa, tiwasiye alire m'njira yawo, ndipo inu muli kutali mungodwala nazo maganizo. Mwina akunena zoona. Koma ine ndine wobwera pakhomo pano, sindingaime pakhomo la shopu n'kuwalanda apongozi makiyi. Inu amakumverani. Chonde musatumizenso mapiritsiwa mpaka mutafunsa odziwa.

Kalatayi ndiwapatsira achimwene anu akaponye ku positi yaikulu. Akuti kumeneko zimafulumira.

Ine,
Mlamu wanu

6 Epulo

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatu ndili m'basi, ndipo ndinaseka ndekha pa maswiti a nkhalamba mpaka mayi wina anasamuka mpando. Aka n'koyamba kuseka chibwerereni.

Ndasangalala kuti moto wazima. Ngati mapiritsi akutha msanga chonchi, ndiye kuti munkavutika kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo munkangopirira osanena. Ulendo uno ndatumiza 120.

Ndasangalalanso kuti muli ndi anzanu. M'mabuku ambiri amene ndawerenga masabata ano onena za kuferedwa, amagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti woferedwa asamakhale yekha nthawi imene ankakhala ndi mnzakeyo. A Chidendene muwathokoze m'malo mwanga. Ine 5 koloko yanga ndi Loweruka m'mawa, nthawi ya kalata ya amayi. Ndayamba kupita kukasambira, ngakhale ndimasambira ngati thumba la mchenga.

Chitini chisiyeni mpaka mtima utalola. Mabatani sathawa.

Alamu bwanji osandilemberako? Muwauze ndikudikira nkhani za mu saluni.

Mwana wanu,
Kabuku

27 Epulo

Kabuku,

Moni. Phukusi lachiwiri linafika. Zikomo.

Sindilemba zambiri, dzanja likuchita ulesi masiku ano. Mayunifolomu ndinapereka, koma awiri anabwezedwa. Akuti mwendo wina wa buluku ndi wautali kuposa unzake. Ndinayeza, n'zoona. Zaka makumi anayi sizinandichitikirepo. Mwina tepi yanga yatanuka.

M'mawa ndikumadzuka ndi mutu, koma ndikamwa asipulini awiri umaleka. Ndikaimirira msanga chipinda chimazungulira pang'ono. Ndi ukalamba. Pachifuwa pokha ndiye zii, palibe chilichonse.

Mpongozi wanga wayamba kundiyang'ana ngati wapolisi. Ndikatseka shopu amatuluka ndi chipeso m'manja n'kuima pakhomo pake. Mkazi wabwino, koma maso ake ndi aakulu.

Suti ya mphunzitsi yatsala pang'ono. Nsalu yake ndi yotuwa, yabwino, mayi ako akanaikonda.

Bambo ako

9 Meyi

Alamu,

Kalata yanu ya pa 30 Malichi yandipeza dzulo, tsiku limodzi ndi ya Bambo. Chidindo cha ku positi chikuti 28 Epulo. Envulopu ili ndi dontho la oilo, ndipo kumbuyo kwake wina analembapo nambala za matayala. Ndiye mukudziwa kumene inagona mwezi wonse. Pakati pamenepa ine ndinatumiza mapiritsi ena 120.

Nditawerenga ndinapita molunjika ku sitolo ya mankhwala kumene ndinawagula. Ndinapeza mayi wachikulire amene amakhala kuseri kwa kauntala, ndipo ndinamufotokozera zonse, za nsalu yam'kati zomwe. Sanaseke. Anandifunsa kuti, "Kapepala kam'katoni munawerenga?" Ndinati ndinataya. Ine amene ndimawerenga ngakhale zolembedwa pa paketi ya mchere.

Ndikulemberani zimene anandiuza, mwadongosolo, kuti muwawerengere Bambo.

Choyamba, piritsilo siliyala kanthu m'mimba. Dzina lake ndi simetidini, ndipo ntchito yake n'kuchepetsa asidi, basi. Mowa umakhudza mnofu wa m'mimba monga kale, n'kumaupala. Umafooketsanso kanyama kamene kamatseka pamwamba pa mimba, n'chifukwa chake womwa amamva chilungulira.

Chachiwiri, za kuledzera msanga. Akuti mowa wina pang'ono umaphwanyidwa m'mimba momwemo usanalowe m'magazi, ndipo kwa anthu ena piritsi la mtundu uwu limachepetsa kuphwanyako. Madokotala sagwirizana kuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji, ambiri amati n'kochepa. Koma kwa okalamba piritsilo palokha likhoza kubweretsa chizungulire, ndiye ukathirapo mowa zimaonjezerana.

Chachitatu ndi chimene anatsindika. Anati, "Ululu ndi mlonda. Bambo anu mwawachotsera mlonda, koma wakuba akubwerabe tsiku lililonse, ndipo tsopano akubwera ndi anzake." Nditatchula za asipulini wa m'mawa anavula magalasi. Akuti asipulini ndi mowa pamodzi ndi zimene zimang'amba chilonda m'mimba mpaka kutuluka magazi, ndipo munthu amene sakumva kuwawa akhoza osadziwa.

Ndiye chonde, alamu, chitani izi. Asipulini muwachotsere lero lomwe. Muwayang'ane m'zikope ndi m'manja ngati mwayera. Ndikudziwa kuti si funso loti mpongozi n'kufunsa apongozi ake, koma wina awafunse ngati chimbudzi chawo chikuda ngati phula. Akafunse achimwene, ndi ntchito imene angaikwanitse. Zikakhala choncho, kapena akasanza zakuda ngati khofi, musadikire mawa, pitani kuchipatala. Ngakhale zisakhale choncho, chizungulire chimene akunenachi chikufunika dokotala sabata ino.

Ndayesa katatu foni ya pa golosale ya pakona kwanuko, sikulira n'komwe. Kalatayi ndaitumiza pa positi yachangu.

Munachita bwino kundilembera. Musadzione ngati wobwera. Pa tonsefe amene anaona ndinu nokha.

Mlamu wanu,
Kabuku

14 Meyi

Alamu,

Musachite mantha, ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti muwerenge zotsalazo mutakhala pansi.

Lolemba m'mawa mphunzitsi uja anabwera kudzayesa suti. Ine ndinali ndi kasitomala pakhonde, ndikuona zonse. Apongozi anagwada kuti apinde m'munsi mwa buluku, mapini ali kukamwa. Anamaliza mwendo umodzi. Kenako ndinangoona atsamira bondo la mphunzitsi ngati akumupempha chinachake. Mphunzitsi akuti, "Madala, dzukani," iwo osadzuka. Ndinathamanga, kasitomala ndinamusiya mutu theka. Ndinawachotsa mapini kukamwa, iwo n'kusanza pomwepo zakuda bii. Nkhope inali yotuwa ngati nsalu ya sutiyo. Mphunzitsi, Mulungu amudalitse, anawanyamula yekha mpaka pa msewu atavala buluku la ukwati la mwendo umodzi wopinda.

Kuchipatala anawaika magazi mabotolo awiri. Lachiwiri anawalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi, n'kupeza chilonda chimene chinkatuluka magazi. Achitseka. Dzulo amwa tiyi, ndipo ayamba kudandaula kuti zovala za odwala anasoka munthu wosadziwa ntchito. Ndiye kuti akuchira.

Dokotala wawo ndi mayi wamfupi wolankhula mosazungulira. Ndinamuonetsa mapiritsi anu. Anati, "Mankhwalawa alibe mlandu. Inenso ndiwapatsa a ntchito yomweyi, amphamvu kuposa awa, kuti chilonda chipole. Koma amenewa ndi ochizira, si chiphaso cholowera ku bala." Apongozi anayamba za nsalu yam'kati zija. Dokotala akuti, "Bambo, inu ndinu telala. Munthu akabwera ndi jekete yong'ambika, inu n'kumuzimitsira magetsi kuti asaone pong'ambikapo, mwasoka?" Apongozi anangoyang'ana kudenga.

Kenako anatifunsa funso lina. Akuti pambali pa chilonda chatsopanochi pali chipsera cha chilonda chakale, chinachizidwa liti? Achimwene anu anali atafika, akuti sakudziwa. Apongozi anatseka maso ngati agona.

Yankho ndalipeza dzulo masana. Ukwati wa mphunzitsi ndi Loweruka, jekete ilibe mabatani. Ndinati munthu amene anatinyamulira apongozi sangakwatire jekete ili yasa. Ndinalowa mu shopu n'kutsegula chitini cha amayi. Mundikhululukire, ndikudziwa kuti apongozi sanafune. Nditakhuthulira mabatani patebulo, pansi pake panali botolo la mankhwala oyera, latsala theka, ndi khadi la kuchipatala lokulungidwa m'pulasitiki. Dzina ndi la apongozi. Ndi la zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, mwezi wa Juni. Achimwene anu awerengera, akuti inu munali ku sukulu yogonera konko, iwo anali kwa amalume. Apongozi anagona m'chipatala masiku asanu ndi atatu, chilonda cha m'mimba, magazi botolo limodzi.

Kumbuyo kwa khadilo kuli zolemba za amayi, za pensulo. Ndikukoperani mmene zilili:

"Adokotala ati akapitiriza mowa chidzang'ambikanso. Kusiya akana. Ndiye tsiku limene sanamwe, kuwapatsa. Tsiku limene amwa, osawapatsa. Moto ndi umene umawabweza kunyumba. Ana asadziwe, angawachepetse bambo awo."

Ndinakhala pansi pa tebulo lositira pomwepo mpaka kasitomala wanga wa Lolemba uja anabwera kudzandifunsa ngati mutu wake ndidzaumaliza chaka chino.

Kalata imene ndinakulemberani mu Malichi sindikudziwa ngati inafika. Achimwene anu avomera kuti anaipeza kuseri kwa mpando wa lole patapita mwezi. Akuti anaiwala. Ine ndikuti anaiwala dala. Sitikulankhulana bwino, koma magazi botolo limodzi mwa awiri aja anabwezera ndi iwo popereka magazi awo, ndiye ndawasiya kaye.

Mabowo wandisokera mayi wina wa kumsika. Mabatani ndasankha akuda, anayi.

Mlamu wanu

26 Meyi

Okondedwa Bambo,

Alamu andilembera zonse. Ndikuthokoza Mulungu kuti mukuwerenga kalatayi.

Ndakhala masiku awiri ndikuyamba n'kung'amba. Ndinkafuna kulemba kuti ndine amene ndinakugwetsani, koma ndikudziwa mungandiyankhe kuti botolo sindinakugwirireni ine. Ndiye ndingonena zimene ndinachita. Ndinatumiza mankhwala kwa munthu amene sindinamufunse mafunso, ndinataya kapepala kake, ndipo mutandiuza kuti akutha msanga ndinaonjezera. Pepani, Bambo.

Chimene chikundilemera kwambiri ndi kalata yanga yoyamba ija. Ndinalemba kuti amayi anali ouma mtima. Ndakhala nalo ganizo limenelo kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinawafunsepo. Ndinkaona "lero ayi" yekha. Sindinkaona kuti akatero ankakhala nanu pakhonde pomwepo, akusoka mabowo, mpaka moto utazirala. Tsopano ndikukumbukira kuti sankalowa m'nyumba. Ngati kalatayo mukadali nayo, muing'ambe.

Sindikupemphani lonjezo. Amayi anakhala nanu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu osalipeza, ine sindingalipeze ndi sitampa imodzi. Ndingonena kuti chaka chino ndaika kale kholo limodzi m'manda, ndipo mphamvu zokwerera ndege kachiwiri pa ulendo wotere ndilibe. Ndapempha tchuthi cha mu Ogasiti. Ndikufuna ndidzakupezeni pa makina.

Mankhwala a dokotala muzimwa mmene wanenera, mpaka atanena yekha kuti basi. Anga aja otsala muwapatse alamu. A Chidendene ndi anzawo awiri aja muwauze zimene zakuchitikirani, chifukwa nawonso akuyenda ndi nsalu yam'kati imene kulibe.

Mundiuze chimene ndingatumize. Ulendo uno ndifunsa kaye.

Mwana wanu,
Kabuku

15 Juni

Kabuku mwana wanga,

Moni. Ndinatuluka pa 21 Meyi. Ndikuyenda, ndikudya pang'onopang'ono kasanu patsiku ngati mwanapiye. Buluku langa lomwe ndalibweza m'chiuno zala zitatu.

Kalata yako ya kwa mpongozi wanga, ya choyamba, chachiwiri, chachitatu ija, inatipeza ndili m'chipatala. Anandiwerengera mokweza wodi yonse ikumva, mpaka pa funso la chimbudzi. Mdala wa bedi loyandikana nane anapempha kuti abwereze pa asipulini. Ndiye dziwa kuti inachedwa kwa ine, koma inafika kwa wina.

Kalata yako yoyamba sinding'amba. Unalemba zimene unaona. Amene akanakuuza zoona ndine, ndipo pamene unandilembera ndinangoti anali ndi zifukwa zake. Ndinkadziwa bwino lomwe chifukwa chake. Mapiritsi ako atafika ndinadziwanso chimene ndikuchita. Za nsalu yam'kati ndinazikhulupirira chifukwa ndinkafuna kuzikhulupirira. Telala amadziwa kuti nsalu yam'kati siiteteza jekete ku moto. Ndiye mlandu tigawane bwino, iwe utenge kachidutswa, nsalu yonse ndi yanga.

Ndinamufunsa dokotala ngati mayi ako ankachita bwino kundimana. Akuti monga dokotala sangauze munthu kuti azisiya mnzake akumva kuwawa, ndipo motowo nawonso unkandiwononga kukhosi. Kenako anawerenganso khadi lija n'kunena kuti, "Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi si zochepa."

Kwa Chidendene ndinapita, masana, shopu yake ili yotsegula. Ndinamulanda mapiritsi khumi ndi limodzi. Anakana kaye, akuti mphatso sabweza. Ndinamuonetsa mkono pamene panali diripi. Akuti, "Iwe unali wofooka kale." Koma anapereka. Ena awiri aja anali atamaliza awo.

Mankhwala a dokotala akukhala m'chitini cha mabatani, ndipo chitinicho chikukhala ku saluni. M'mawa uliwonse mpongozi wanga amawoloka msewu ndi piritsi limodzi ndi kapu ya madzi, n'kuima mpaka nditameza. Wapolisi uja wakwezedwa pantchito. Mlongo wako akabwera ku ulendo amakhala nane mu shopu n'kumandipatsira sizasi imene sindinapemphe. Umulembere. Akudziimba mlandu kuposa mmene akuonetsera.

Sindinamwe kuyambira tsiku lija. Lero ndi masiku makumi atatu ndi asanu. Lonjezo sunapemphe, ndipo sindipereka, chifukwa 5 koloko ikubwerabe tsiku lililonse. Lachitatu lapitali ndinatseka shopu n'kuyenda mpaka pa ngodya ya msika. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Pachifuwa panali zii, mankhwala a dokotala akugwira ntchito yake. Ndinaona kuti moto kulibe, mayi ako kulibe, wondibweza kunyumba palibe. Ndiye ndinadzibweza ndekha. Sindikudziwa ngati ndidzatha tsiku lililonse, koma Lachitatu ndinatha.

Wafunsa chimene ungatumize. Tumiza makalata aatali. Loweruka m'mawa uja umasowa womulembera, lembera ine. Ulembe za mabuku ako, za basi, za kusambira, chilichonse, bola afike masamba anayi. Sindiziwatsegula akafika. Ndiziwasunga mpaka 5 koloko.

Masiku opanda kalata ndapeza chochita. Mu phukusili muli chikhoto cha nsalu yokhuthala, cha kuzizira kwanuko. Muyeso ndatenga pa diresi limene unasiya kuno. Mabatani asanu ndi a m'chitini cha mayi ako, obiriwira aja ankati akudikira nsalu yoyenera. Mabowo ndasoka ndekha, pamanja, limodzi tsiku lililonse ikakwana 5 koloko, nditakhala pampando wake. Loyamba, la m'munsi, likuoneka ngati diso la munthu wodwala. Lachiwiri n'chimodzimodzi. Ukamakwera m'mwamba uona akuyamba kuongoka.

Usapite nacho kwa telala wina kuti akakonze.

Ndine,
Bambo ako